Pepala likuti akumva, mwiniwake akuti ayi

Sabata ino tinali ndi gulu la asilikali obwera kumene kuchokera ku maphunziro a mizinga, choncho Lolemba ndi Lachiwiri inali ntchito yowayeza makutu pamzere basi. Munthu amalowa m'kachipinda kosalowa phokoso, kuvala mahedifoni, n'kumadina batani akamva kamluzu. Achikulire ena mzere wawo pa audiogram, pepala losonyeza mmene munthu akumvera, umagwa pa kamluzu kokwera ka 4000 Hz, chizindikiro chodziwika cha khutu limene ladya phokoso zaka zambiri. Amenewa savuta. Vuto likuoneka, fomu ikulembeka.

Ovuta ndi ngati kopolo amene anabwera Lachitatu. Zotsatira zake zinali zabwinobwino m'makutu onse awiri, moti nditamuonetsa pepala anaseka mokhumudwa.

"Adokotala, muno muli zii, n'chifukwa chake ndikumva. Kandiyezereni m'galimoto injini ikulira, wailesi ikuyankhula. Mawu ndimawamva, koma chimene anena sindichigwira. Ndiye a sajeni amati ndimachitira dala."

"Nanga m'makutu mumalira, akopolo?"

"Usiku ndiye kwambiri."

Kale dandaulo lotere linkathera pa mawu akuti muli bwino, bwererani ku ntchito. Zinthu zinasintha mu 2009, pamene Sharon Kujawa ndi Charles Liberman a ku Boston anaika mbewa paphokoso la madesibelo 100 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 2. Patapita masabata angapo mbewazo zinayambanso kumva timaphokoso tating'ono monga kale, ndipo timaselo taubweya ta m'kati mwa khutu tinali tamoyo. Koma atayang'ana pamene timaseloti timalumikizana ndi mtsempha wopita ku ubongo, anapeza kuti mbali zina pafupifupi theka la malumikizidwewo linali litaduka, osabwereranso. Khutu la munthu lili ndi timaselo ta m'kati totere pafupifupi 3,500, pomwe timitsempha tonyamula uthenga ndi pafupifupi 30,000, kutanthauza kuti selo limodzi limadyetsa timitsempha tambiri. Malumikizidwe ena akafa, otsalawo amakwanabe kuuza ubongo kuti kwalira kanthu, ndipo audiogram imangofunsa zimenezo. Zikuoneka kuti oyamba kufa ndi amene amagwira ntchito pamene pali phokoso lalikulu, omwewo amene msilikali amadalira kuti asiyanitse lamulo la mkulu wake ndi kulira kwa injini.

Kwa msilikali iyi si nkhani yongosowetsa mtendere pamacheza. Nambala imodzi ya malo ikamveka molakwika pa wailesi, mzinga ugwera pena.

Lachinayi kopolo uja ndinamuyeza ndi mawu osakaniza ndi phokoso la anthu ambiri, ndipo apa ndiye anaphonya ndithu. Kenako ndinamumata timawaya pachipumi ndi kumakutu kuti tione ABR, mafunde amene makina amajambula posonyeza mmene mtsempha ukuyankhira. Funde loyamba linali laling'ono. Naomi Bramhall ndi anzake ku Portland anapeza zofanana mu 2017 mwa achinyamata amene anatumikira usilikali pamalo aphokoso kwambiri. Komabe funde limeneli limasiyana munthu ndi munthu ngakhale makutu ali abwino, moti silingaweruze mlandu palokha, ndipo kuduka kwenikweniko kumawerengeka pokhapokha khutu litang'ambidwa munthu atamwalira. Mu lipoti ndinalemba zimene ndinaona: amamva pachete, amavutika paphokoso, si ulesi. Mankhwala olumikizanso timitsemphati padakali pano akuyesedwabe.

Lachisanu ndinali ku bwalo lowomberera, kumene ine ndimaona kuti ntchito yathu yeniyeni ili. Mfuti ya msilikali ikalira imafika cha m'madesibelo 160, pamene malire a phokoso ladzidzidzi amaikidwa pa 140. Ndinayenda kumbuyo kwa mzere n'kumasuzumira m'makutu. Ambiri zotsekera zachinkhupule anangozikhazika pakhomo pa khutu, theka lili panja. Zimafunika kuzifinya ndi zala mpaka zionde, kukoka khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, kulowetsa, n'kugwira mpaka zitafufuma. Wina anali atachotseratu cha kumanzere kuti azimva mlangizi, chonsecho munthu wowombera ndi phewa lamanja khutu lamanzere ndi limene limalandira phokoso kwambiri.

Sindinamudzudzule, chifukwa naye ali ndi mfundo: msilikali wosamva lamulo ndi ngozi kwa anzake. Mkulu wa bwalolo ndinamuuza kuti yankho ndi zovala m'makutu zamagetsi, zimene zimalola mawu kudutsa koma n'kutseka mfuti ikalira, ndipo a mizinga azivala ziwiri, za m'kati ndi zophimba kunja. Anandifunsa kuti nanga anyamata akamati makutu atseka madzulo koma m'mawa atseguka, si ndiye kuti achira? Ndinamufotokozera za mbewa zija, ndipo tinagwirizana kuti aliyense wochoka pabwalo makutu akulira azilembedwa dzina n'kubwera kwa ife, osadikira kuyeza kwa pachaka.