Sopo, aspirin ndi ma electron amene ana athu amangoloweza

Ndimaphunzitsa chemistry pa sekondale ina kuno ku Mangochi, ndipo tikangofika pa organic ku Fomu 4 ana ambiri amayamba kuloweza basi, alkanol kuphatikiza alkanoic acid ikupereka ester ndi madzi, pa MSCE amalemba n'kukhoza ndithu, koma ukafunsa kuti nanga zinthu ziwirizi zikugwirana chifukwa chani, kalasi yonse zii. Zimandiwawa zimenezi chifukwa yankho lake silovuta, ndipo mwana akalimvetsa amatha kulosera yekha ma reaction oti sanawaonepo.

Nkhani yonse ili pa ma electron, tizinthu ting'onoting'ono ta mu atomu timene timagwiranitsa ma atomu kuti apange molecule. Mu molecule muli malo amene ma electron achuluka, muli ena amene achepa, nde ochulukawo amathamangira kumene kwachepa. Timivi tokhota timene mumationa m'mabuku timangosonyeza ulendo wa ma electron awiri, ndipo anayamba kutijambula ndi Kermack ndi Robinson mu 1922.

Tengani sopo amene magulu a amayi amapanga m'midzimu. Mafuta ophikira, kaya a mpendadzuwa kaya a mtedza, ndi ma ester kale, glycerol imodzi yagwira ma fatty acid atatu. Pamene pagwiranapo pali carbon yomwe yamangidwa kawiri ndi oxygen, ndipo oxygen imakokera ma electron kwa iyo mwini, carbon ija n'kutsala yosowa. Mukathira caustic soda m'madzi mumatuluka hydroxide, yomwe ma electron yadzaza nawo, nde imakagunda pa carbon yosowa ija. Kwa kanthawi kochepa carbonyo imakhala itagwira zinthu zinayi, kenako ma electron aja amabwerera n'kukankha mbali ya glycerol kuti ichoke. Asidi amene watsala nthawi yomweyo amalandidwa hydrogen yake n'kusanduka mchere wa sodium, sopo ndi ameneyo. Gawo lomalizali silibwereranso m'mbuyo, n'chifukwa chake sopo sasandukanso mafuta m'ndowamo.

Ndimakonda kuonerera amayiwa akamatakasa. Soda amamuthira m'madzi pang'onopang'ono mu ndowa ya pulasitiki, osati madzi pa soda ayi, ndowa imatentha moti kuigwira pambali umamva, kampweya kake kotsamwitsa nde amaimira kumene mphepo ikuchokera. Akasakaniza ndi mafuta poyamba zimaoneka ngati sizikufunana, koma mthiko ukapitiriza zimalimba ngati phala ndipo ukadontheza pamwamba kamzere kamatsalira osamira. Apo ndiye amathira m'chikombole. Poto wa aluminiyamu musayerekeze, soda amamudya n'kutulutsa mpweya wa hydrogen womwe umayaka. Komanso muyeso si wa maso, molecule imodzi ya mafuta imafuna hydroxide zitatu, nde pa kilo imodzi ya mafuta a mpendadzuwa pamafunika soda wa magalamu pafupifupi 135, pomwe mafuta a kokonati amafuna oposa 180. Mukapyoza soda wotsalayo ndi amene amaotcha khungu la mwana. Chidulo chimene agogo amatcheza paphulusa nacho chingathe kuswa mafuta, kungoti muli potassium wambiri nde sopo wake amakhala wofewa.

Tsopano tembenuzani. Ester ija ana amaloweza imapangika ndi mchitidwe womwewu, ndipo njira yoipangira anailemba Emil Fischer ndi Arthur Speier mu 1895. Ethanol, yomwe ndi alkanol, siyamphamvu ngati hydroxide, payokha imachedwa kwambiri kugunda carbon ya ethanoic acid, asidi wa mu viniga, n'chifukwa chake timadontheza sulphuric acid. Ntchito yake ndi kuika hydrogen pa oxygen kuti carbon isowe ma electron kwambiri, ethanol ipeze polowera, kenako madzi amachoka, sulphuric acid uja n'kubwereranso osatha. Mwana akanunkhiza ka fungo kokoma ka ethyl ethanoate mu test tube nkhope imasintha ndithu. Koma reaction iyi imabwerera m'mbuyo, madzi akachuluka ester imasweka, nde opanga amachotsa madziwo kapena kuchulukitsa alkanol.

Mwana wina wochenjera anandifunsa kuti aphunzitsi, poti ma electron sitiwaona, tikudziwa bwanji kuti si nthano chabe. Funso labwino kwambiri limenelo. Mu 1938 Roberts ndi Urey anagwiritsa ntchito methanol yokhala ndi oxygen yolemera, oxygen-18, n'kuiphatikiza ndi benzoic acid, ndipo oxygen yolemerayo anakaipeza mu ester osati m'madzi. Apa zinaonekeratu kuti alkanol ndi imene imalowa pa carbon, ndipo oxygen ya m'madzi aja imachokera kwa asidi, ndendende mmene timivi tija timanenera.

Aspirin wa pa golosale naye ndi ester. Felix Hoffmann anamupanga ku Bayer mu 1897 pophatikiza salicylic acid ndi acetic anhydride, oxygen ya pa salicylic acid kugunda carbon yosowa, mbali ina n'kuchoka, chimodzimodzi sopo uja. Anachita izi pofuna mankhwala osapweteka m'mimba ngati salicylic acid payokha. Nde poti ndi ester, madzi amatha kumuswa, ndipo kutentha kumafulumizitsa. Ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kuphatikiza chinyontho cha kunyanja nthawi ya dzinja, mapilitsi osungidwa m'kabotolo kosatseka bwino amayamba kubwerera ku salicylic acid ndi ethanoic acid. Mukatsegula botolo la aspirin n'kumva fungo lamphamvu la viniga, dziwani kuti aonongeka amenewo, musamwe ndipo musapatse munthu, kaguleni ena ndipo muzisunga pouma komanso pozizirirako.