Amalume, lowani!

Pa mphambano ya Samora Machel Avenue ndi Julius Nyerere Way, pakati penipeni pa Harare, pali mlatho wa anthu oyenda pansi, ndipo pamwamba pake paimirira Mbuya Nehanda. Chiboliboli chimenechi n'chamkuwa, chotalika pafupifupi mamita 3. Anachiumba ndi David Mutasa, ndipo Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anachitsegulira pa 25 May 2021. Ine ndimadya za kamera. Ndinabadwira ku Mufakose, muno mu Harare, makolo anachokera ku Balaka, ndipo ntchito yanga ndi kujambula a maukwati, omaliza maphunziro, ndi alendo ofuna umboni woti anafikadi ku Harare.

Alendowo ndimawadziwa asanatsegule pakamwa. Azungu amabwera awiriawiri, makabudula, zipewa zazikulu, chikwama atachikumbatira pamimba. Amajambula chilichonse, maloboti ndi mayi wogulitsa nthochi omwe, kenako amapepesa kwa mayiyo n'kugula nthochi imodzi. Ana a kuno okhala kunja amabwera mu December, magalasi akuda, foni m'mwamba, akukuwa pa vidiyo kuti a ku London aone, koma nkhope yawo itadzaza sikirini yonse moti Mbuya akungooneka phazi. Atsikana a TikTok amavina gule mmodzimodzi mpaka thukuta kamukamu, chifukwa nthawi iliyonse basi imadutsa kumbuyo kwawo. Okalamba ochokera kumidzi amavula chipewa, kuwomba m'manja pang'onopang'ono, n'kumapita osajambula kanthu. Amenewa sandipatsa ndalama, koma akafika ndimayamba ndatsitsa kamera.

Chimene ambiri amafuna ndi chithunzi chonyamula chiboliboli pachikhatho. Masamu ake ndi osavuta. Chinthu cha mamita 3 chikakhala pa mtunda wa mamita 45, munthu wanu ali mamita 3 kuchokera pa kamera, chinthucho chimaoneka cha masentimita 20, msinkhu wa botolo la Fanta, chokwana bwinobwino padzanja. Mukayandikira kwambiri chimakula kuposa mutu wa munthuyo, mukatalikira chimasanduka kadontho.

Nthawi yabwino ndi cha m'ma 3 koloko masana. Imani kumadzulo kwa mlathowo kuti dzuwa likhale kumsana kwanu. Mkuwa ndi wakuda kale, ndiye mukajambula moyang'anizana ndi dzuwa mumatenga chinthu chakuda bii, chopanda nkhope. Dzuwa likakhala paliwombo, maso a munthu wanu amabisala m'mithunzi. Galasi la kamera lipukuteni kaye, foni imatuluka m'thumba ndi mafuta a zala. Portrait ija izimitseni, chifukwa ntchito yake ndi kufufuta zakumbuyo, pomwe zakumbuyozo ndi zimene mwabwerera. Zoom isiyeni pa 1x. Popeza chiboliboli chili m'mwamba, wojambula agwade bondo limodzi, kamera ifike cha m'chiuno mwa wojambulidwayo. Ndipo chachikulu ndi ichi: dzanja la munthu lisasunthe, yosuntha ndi kamera. Mukauza munthu kuti akweze dzanja pang'ono amalikweza mpaka kumwamba, mukati atsitse amaligwetsera pabondo, pomwe inu mukangosuntha foni kachala kamodzi mapazi a chiboliboli amatera pachikhatho. Dikirani loboti ifiire kuti mabasi aime. Fulumirani ndithu, dzanja lotambasula limayamba kunjenjemera ndi kutsika pakangotha mphindi imodzi.

Zonsezi ndinazitsata tsiku limene ndinapita ndi amalume anga, ndipo mpaka lero ndimanena kuti kumbali ya ukatswiri panalibe cholakwika.

Amalumewo ndi achimwene awo a amayi, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Balaka. Anabwera ku ukwati wa mchemwali wanga pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Chishona sadziwa ngakhale moni. Atangotsika ndinawauza kuti, "Amalume, m'tauni muno chimene ndanena muzingochita, mafunso kunyumba." Anavomera ndi mtima wonse. Foni yawo, pasipoti ndi kachikwama ka ndalama ndinaika m'chikwama changa cha kamera poopa opisa m'matumba. M'thumba la malaya awo ndinaikamo kapepala kokhala ndi nambala yanga, monga ndimachitira ndi mlendo aliyense.

Tsikulo pa masitepe a mlatho panali mlonda ndipo sankalola anthu kukwera, choncho tonse tinkaonera pansi. Amalume anayamba ndi mafunso, pakuti uphunzitsi suchoka m'magazi. Ndinawafotokozera kuti mayiyu dzina lake linali Charwe Nyakasikana, wa ku Mazowe, ndipo mzimu wa Nehanda unkalankhula kudzera mwa iye. Analimbikitsa anthu pa Chimurenga choyamba cha mu 1896 ndi 1897, pamene Mashona ndi Mandebele anaukira British South Africa Company. Azungu anamugwira, namuimba mlandu wa imfa ya mkulu wawo wina dzina lake Pollard, ndipo anamunyonga mu 1898 muno momwe, mzinda ukutchedwa Salisbury, pamodzi ndi Sekuru Kaguvi, mtsogoleri mnzake pa nkhondoyo. Amalume anawerengera pa zala n'kupeza kuti Chilembwe wathu wa 1915 anabwera patatha zaka 17. "Ndiye kuti ameneyu ndi wamkulu," anatero, navula chipewa. Nditawauza kuti chiboliboli choyamba chinatuluka ndi maonekedwe a mtsikana, anthu n'kuchita phokoso mpaka chinakonzedwanso, anati nawonso chithunzi chawo chisatuluke cha kamnyamata, akufuna imvi zioneke.

Ndinawaimika m'mbali mwa Samora Machel, mbali imene galimoto zimalowera ku Belvedere. Msana anapatsa chiboliboli, nkhope kwa ine, dzanja lamanja litatambasukira kumsewu, chikhatho chili gada. Jekete atamanga mabatani onse. Ine ndinagwada ndi foni yawo, chifukwa ankafuna chithunzicho chikhale mwawo kuti aonetse a ku Balaka pa WhatsApp.

"Musasunthe, amalume."

"Sindikusuntha, mphwanga."

Basi yaikulu inaima kumbuyo kwawo n'kuphimba mlatho wonse. Tinadikira. Ili pomwepo, mayi wina wachizungu wa chipewa chachikulu anadutsa, anaona nkhalamba yovala jekete itatambasula dzanja padzuwa, nkhope ili ndwii. Anaima, anapisa m'chikwama cha pamimba chija, n'kuika dola imodzi pachikhatho cha amalume. Anawagwiranso paphewa mwachifundo, n'kumapita.

Amalume sanasunthe. Anangolankhulira m'mano.

"Mphwanga, andipatsa ndalama."

"Ndaona. Itengeni ndi dzanja lamanzere, lamanjalo likhale pomwepo."

"Akundiyesa wopemphetsa? Ine ndaphunzitsa ana mpaka ena ndi madokotala!"

"Mafunso kunyumba, amalume."

Dola inalowa m'thumba. Basi inachoka. Loboti inafiira, msewu unayera, ndipo pasikirini mapazi a Mbuya anali atatsala kachala kamodzi kuti atere pachikhatho. Vuto linali loti pokwiya paja amalume anapendekera kumbali, phewa lawo lamanzere linatuluka m'chithunzi. Maso anga onse anali pasikirini, monga wojambula weniweni amachitira, ndipo ndinakuwa mmene ndimakuwira kwa aliyense wotuluka m'chithunzi.

"Amalume, lowani! Lowani pang'ono!"

Amene simunafikeko ku Harare mudziwe kuti kuli timagalimoto totchedwa mushikashika, kawirikawiri Honda Fit, tonyamula anthu popanda chilolezo. Ka anthu asanu amalongamo asanu ndi atatu, woitanira, yemwe kuno timati hwindi, atalendewera kumbuyo chitseko chili yasa. Galimoto zimenezi siziwerengera loboti ndipo siziima kwenikweni, zimangochepetsa liwiro, chifukwa zimakhala zikuthawa apolisi. Dalaivala wake akaona dzanja lotambasukira kumsewu safunsa kuti ndi la chiyani.

Pasikirini panalowa chinthu chasiliva. Ndinamva mawu a Chishona akuti, "Pindai, sekuru, pindai!" kutanthauza kuti lowani, agogo, lowani. Amalume anaona chitseko chotsegula kudzanja lawo lamanja, mnyamata akuwagwira pamkono mwaulemu, mphwawo akukuwa kuti lowani. Analowa. Chitseko mbee! Pamene ndimadzuka pabondo, kagalimotoko kanali katadutsa kale loboti yotsatira, dzanja la amalume likadali panja pawindo, chikhatho chili gada.

Mayi wa nthochi uja anaseka mpaka kukhala pansi. Mnyamata wina wa ku London anatembenuzira foni kwa ine kuti abale ake aone. Ndinathamanga pang'ono, koma ndi chikwama cha kamera ndi bondo lochita dzanzi sungapikisane ndi Honda Fit. Galimoto zolowera kumeneko zikhoza kupita ku Warren Park, ku Kuwadzana, ku Dzivarasekwa, ngakhale ku Norton, ndipo nambala yake sindinaione chifukwa kumbuyo kunali hwindi. Ndinatambasula dzanja langa, ina inafika nthawi yomweyo, ndinalowa. Anandikhazika pa giya, dalaivala akasintha giya ndimayamba ndanyamuka.

Tisanafike ku Showgrounds foni ya amalume inalira m'manja mwanga. Anali amayi.

"Achimwene, mwachiona chiboliboli chija?"

"Ndine, amayi."

"Nanga achimwene ali kuti?"

"Ali... kutsogoloku."

"Apatse foni."

"Ali kutsogolo kwambiri, amayi."

Panali kachetechete wa mtundu umene ana a ku Mufakose timaudziwa. Kenako anati ukwati ndi Loweruka, wopereka mwana ndi malume, ndipo ndikabwera ndekha ndikagone komwe ndawasiyako.

Ndinatsika pa Warren Park n'kuyamba kufunsa ma hwindi ngati aona nkhalamba ya jekete yolankhula Chichewa. Aliyense anali ataiona, aliyense ankaloza kwina, ndipo awiri anafuna ndiwagulire chakumwa asanakumbukire bwino. Dzuwa linali litapendeka pamene foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali mawu a mayi, Chichewa chosakaniza ndi Chishona, cha ife obadwira kuno. "Kodi ndinu mwini wake wa agogo ali panowa? Ali pamsewu wa ku Bulawayo, popatukira ku Heroes Acre. Musathamange, akudya."

Ndinawapeza atakhala pa kreti, jekete atavula, akukukuta chimanga chowotcha. Nkhani yake inali yotere. Atalowa m'galimoto anaganiza kuti ndakonza zoti tizungulire mbali ina ya chiboliboli, ndipo ine ndikubwera pambuyo. Anakhala phee, mayi wina wa thumba la tomato atawakhalira mwendo umodzi. Hwindi atafuna ndalama anapereka dola ya mzungu ija. Ataona kuti nyumba zazitali zatha, anayamba kufotokoza m'Chingerezi cha m'kalasi kuti iwo akufuna pa chiboliboli. Dalaivala anagwedeza mutu, n'kuwatsitsa pa chiboliboli chimene chinali panjira yake. Anaima pamenepo akudandaula okha mokweza, mayi wa chimangayo n'kumva chilankhulo cha agogo ake. Pamene ndimafika n'kuti atafufuzana kale mfunda ndi midzi, atapezana kuti ndi pachibale cha kutali, ndipo amalume atalonjeza kukapereka moni ku Machinga.

"Mphwanga," anatero akuloza phiri ndi chitsononkho, "bwanji unandibisira kuno? Akuti uku ziliko zitatu."

Sananame. Pa National Heroes Acre, makilomita 7 kuchokera m'tauni, pali chiboliboli cha msilikali wosadziwika, ndipo pali anthu atatu, mkazi mmodzi ndi amuna awiri. Malowa anayamba kumangidwa mu 1981 mothandizana ndi akatswiri a ku North Korea, ndipo nsanja yake ya mamita 40 imaonekera kutali. Amalume ankafuna tikwere nthawi yomweyo kuti anyamule atatu onsewo, awiri dzanja ili, mmodzi dzanja linalo. Ndinawauza kuti kwada, ndipo masamu a anthu atatu ndi ena. Ndinalipira zimanga zitatu ndi mayunitsi a foni ya mayi uja, ndipo pobwerera tinakwera kombi, ine nditawagwira jekete.

Kunyumba amayi anayamba awazungulira achimwene awo kuona ngati ziwalo zonse zilipo, kenako anafuna kuona chithunzi chimene chinavutitsa anthu chonchi. M'foni munali zambiri, chifukwa chala changa chinakanikiza batani osachoka. Zoyamba zinali amalume opanda phewa. Zapakati zinali amalume theka, theka linalo lili m'galimoto. Chomaliza chinali chakuthwa bwino, kuwala kokwanira, mkuwa ukuoneka mpaka makwinya a nsalu, ndipo Mbuya Nehanda anali ataima mwaulemu padenga la Honda Fit, pambali pake dzanja la amalume likutuluka pawindo. Chimenecho ndi chimene anatumiza ku Balaka usiku womwewo, ndipo mpaka lero kumudziko ena amakhulupirira kuti ku Harare ziboliboli zimayenda pa matola.

Titamaliza kudya amalume anasamba m'manja, anakhosomola, n'kunena kuti tsopano tafika kunyumba, nthawi ya mafunso yakwana. Funso lawo linali limodzi. Dola ija anaigwirira ntchito ataima padzuwa, ndipo inathera pa ulendo umene anawatuma ndine, ndiye ndiwabwezera liti?