Kalata ya Gregory ndi bambo anga pakhonde

Bambo anga sakundizindikiranso. Ndikafika kumudzi Loweruka amandiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kufunsa amayi kuti, "Alendowa mwawapatsa madzi?" Munthu amene anaphunzitsa ana a sukulu moyo wake wonse, amene ankaloweza Masalimo pamtima, lero amasochera pakati pa khitchini ndi chipinda chawo.

Matenda awo oiwala anakula chaka chomwe ndinayamba digiri yachiwiri ya maphunziro a zaumulungu. Masana ndimakhala kuntchito, usiku ndimawerenga, nthawi zina ndi tochi ya foni magetsi akazima. Semesita yathayi tinkaphunzira mmene mpingo wakale unkamvetsera za Khristu, ndipo ine anandipatsa kuti ndilembe za Apollinarius, bishopu wa ku Laodicea ku Syria.

Poyamba ndinkayesa kuti ndikapeza munthu wodana ndi Yesu. Sizinali choncho ayi. Apollinarius anali mnzake wa Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, ndipo anaima nji pa zimene mabishopu anagwirizana pamsonkhano wa ku Nicaea mu 325, zoti Mwana ndi Mulungu weniweni monga Atate. Chimene chinkamuvutitsa ndi ichi: nzeru za munthu zimasinthasintha, zimakopeka, zimachimwa. Nanga Mpulumutsi angakhale bwanji ndi nzeru zotero? Ndiye anaphunzitsa kuti Yesu anatenga thupi lathu, koma pamalo pa nzeru zaumunthu, zimene Agiriki amati nous, panakhala Mawu a Mulungu, ndiye kuti Mwana wa Mulungu mwiniwake. Ankafuna kumulemekeza Yesu. Ndimamumvetsa, chifukwa ngakhale m'mipingo yathu alipo ambiri amene amalalikira Yesu ngati Mulungu wovala thupi monga munthu avalira jekete.

Msonkhano wa mabishopu ku Constantinople mu 381 unakana chiphunzitsochi. Koma chimene chinandigwira mtima si chigamulocho, ndi kalata imene bishopu wina, Gregory wa ku Nazianzus, analembera wansembe wina dzina lake Cledonius, patapita nthawi yochepa. M'menemo akuti chimene Khristu sanachitenge sichinachiritsidwe. Ngati Adamu anagwa theka lokha, akutero, ndiye kuti theka lokhalo ndi limene lifunika kupulumutsidwa. Koma ngati anagwa yense, Khristu ayenera kutenga munthu yense, thupi, mzimu ndi nzeru zomwe.

Ndinawerenga mawu amenewa Chigiriki chili mbali iyi, dikishonale mbali inayo, ndikuvutika ndi liwu lililonse. Nditamaliza ndinatseka kompyuta, ndipo sindinalembenso kanthu usiku umenewo. Maganizo anga anali kwa bambo. Thupi lawo likadali lamphamvu, nsima amadya bwino, khasu amaligwirabe. Chimene chikuphwasuka ndi chomwecho chimene Apollinarius ankati Yesu analibe.

Gregory sankalemba za matenda oiwala, ndipo aphunzitsi athu anandichenjeza zimenezi ataona zomwe ndinalemba poyamba. Gregory ankanena za tchimo, kuti nzeru ndi zimene zinayamba kupanduka m'munda wa Edeni muja. Ndinavomereza n'kukonza pepalalo. Komabe sindingachitire mwina, ndimakhulupirira kuti mfundoyo imafika mpaka pakhonde pathu. Luka akuti Yesu ankakula m'nzeru. Marko akuti ku Getsemane mtima wake unasweka ndi chisoni mpaka kufuna kufa nacho. Amenewa si masewero. Anali ndi mutu wonga wathu, umene umaphunzira, umatopa, umachita mantha. Ndipo pamene mabishopu ku Chalcedon mu 451 analemba kuti ndi munthu weniweni, wokhala ndi mzimu woganiza komanso thupi, anatseka khomo limene Apollinarius anatsegula.

Achibale ena amandifunsa kuti ndalama za fizi ndikuzitayiranji pa mikangano ya Agiriki akalekale, pamene kunyumba kuli matenda. Funsolo limandipweteka chifukwa lili ndi nzeru zake. Mankhwala ndi okwera mtengo, ndipo amayi atopa.

Loweruka lapitali ndinakhala ndi bambo pamkeka dzuwa likupendeka. Ndinayamba kunena Salimo 23 pang'onopang'ono. Nditafika pakati anandilanda mawu n'kumaliza okha, osaphonya ngakhale pamodzi. Atatha anatembenuka n'kundifunsa kuti, "Inu achimwene, kwanu n'kuti?"

Ndinawauza kuti kwathu n'konkuno. Anagwedeza mutu, n'kundigawira chinangwa chimene chinali m'manja mwawo.