Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: mizere yofiira

Zikomo nonse amene munalemba makomenti pa gawo lapita, makamaka inu amayi a ku Chilenje amene munati ndisadumphe nkhani ya akulu anga. Sindidumpha, mundipirire chabe.

Mukukumbukira kuti ntchito ya pashopu yosindikiza ku Kamwala itatha ndinatsala ndi laputopu yakale ija basi. Ndi nthawi imeneyo ndinayamba kujambula tchati cha maulendo a zombo zopita ku mapulaneti ena. Zaka ndinaziyala kuchokera kumanzere kuyambira 1960, mapulaneti ndinawasanja chokwera, chombo chilichonse mzere wake. Mtunda ndiwo unandizunza, chifukwa kuchokera padzuwa kukafika ku Neptune ndi mtunda wa padzuwa kufika padziko lathu ka 30 pomwe ku Mars ndi kamodzi ndi theka, ndiye ukatsata mtunda weniweni Venus ndi Mars zimapanikizana pansi pepala lonse n'kutsala lambee, choncho ndinafinya dala. Inu amene munanditukwana pa Facebook kuti tchati changa ndi chabodza, zimenezi ndinazilemba pansi pomwepo, simunawerenge.

Zombo zolephera ndinazipatsa mzere wofiira wodukira panjira. Abwana a pashopu yosindikiza ija atachiona anati asindikiza, koma zofiirazo zichoke, ati zikudetsa pepala.

Ndinapita nacho kuchipatala kumene akulu anga anagonekedwa. Anali ataonda kwambiri, mawu osamveka bwino, koma anandiuza ndiwadzutse ndiwatsamiritse kukhoma, pepala tinaliyala pabulangete. Anayenda ndi chala pang'onopang'ono, Mariner 2 yodutsa Venus mu 1962, Mariner 4 ku Mars mu 1965, Viking mu 1976, kenako mzere umodzi wokha wa Voyager 2 umene unafika ku Uranus mu 1986 ndi Neptune mu 1989, kopanda chombo china mpaka lero. Anafunsa chifukwa chake mizere ya Mars ikubwera m'magulumagulu, ndinawauza kuti njira yabwino imatseguka pakatha miyezi 26. Atafika pa Mars 3 ya Soviet Union, imene inatera mu 1971 n'kukhala chete pakangopita masekondi ochepa, chala chinaima. Chinaima nthawi yaitali moti ndinaganiza agona, ndinafuna kuchotsa pepala, anandigwira dzanja. Anati, "Iwe, usafufute zimenezi, anthu anagwira ntchito pamenepa." Alamu anga anatuluka panja kukalira, ine ndinangokhala kuyang'ana chalacho chikunjenjemera, sindinathe kuyankha ngakhale liwu limodzi, pakhosi panali patatseka.

Ndiwonso anandikumbutsa za a Edward Mukuka Nkoloso, amene mu 1964 ankaphunzitsa achinyamata kuno kwathu ku Zambia kuti apite kumwezi ndi ku Mars. Ena munakwiya kuti sindinawapatse mzere. Mzere ndi wa chombo chimene chinanyamuka, chawo sichinanyamuke, ndipo sindikanawalemekeza ndi bodza. Ndinalemba dzina lawo ndi chaka pambali, pomwe aliyense amaona.

Akulu anga sanachione chosindikizidwa. Tinakawaika kumudzi ku Katete, ndipo abwana aja ndinawakana, mpaka pano sitilankhulana.

Zinadutsa zaka ndisanatsegulenso fayilo ija. Nditaitsegula mu 2021 ndinawonjezera Hope ya ku United Arab Emirates, Tianwen-1 ya China ndi Perseverance ya ku America, zonse zinafika ku Mars mwezi wa February womwewo, ndipo ndinalipira ndekha kusindikiza ndi zofiira zonse. Za aphunzitsi a ku Matero amene anadzandifunafuna chifukwa cha tchati chimenechi, ndi mmene alamu anga anachilandirira, ndilemba sabata ya mawa malaiti akakhalapo.