Sabata ya ether mu labotale ya ku Johannesburg

Lolemba timayamba ndi mabotolo tisanayatse chilichonse. Diethyl ether, mankhwala amadzimadzi amene timasungunulira mafuta, akatsegulidwa n'kukhalitsa, mpweya ndi kuwala zimapangitsa kuti m'kati mwake mubadwe ma peroxide. Sawoneka, koma ether akauma iwo amatsalira pansi pa flask ndipo amaphulika. Choncho botolo lililonse timalilemba tsiku limene latsegulidwa, n'kuliyesa ndi kapepala ka potassium iodide ndi starch. Kakasanduka kabuluu, botololo lagwa mayeso. Mukaona zoyera zouma pakhosi pa botolo, musapotokole chivindikiro, chonde. Itanani a zachitetezo.

Ntchito yaikulu sabata ino inali kuyeza mafuta m'chakudya cha nkhuku ndi m'chiponde pogwiritsa ntchito Soxhlet, makina agalasi amene ether amawira mu flask, n'kudonthera pa sampulo, n'kubwerera mu flaskmo atasungunula mafuta. Timayeza magalamu 2 a sampulo, kuumitsa mu uvuni, kuika mu thimble (kachikho kosefera) n'kutseka ndi thonje. Kuumitsako sikodumpha ayi: sampulo ikakhala ndi chinyezi, ether amatenga madziwo pamodzi ndi shuga ndi zina zosungunuka m'madzi, mafuta n'kuoneka ochuluka kuposa mmene alili. Makina amayenda maola 4 ngati madontho akugwa 5 kapena 6 pa sekondi. Kenako timachotsa ether, kuumitsa flask pa madigiri 100 kwa mphindi 30, kuziziritsa mu desiccator (chotengera choletsa chinyezi), n'kuyeza mafuta otsala mu flaskmo.

Koma apa ndi pamene Joni amavutira. Mabuku amati ether amawira pa madigiri 34.6, ndipo zimenezo ndi za kumphepete kwa nyanja yamchere, monga ku Durban. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka, ndiye kuno amawira asanafike pa 30. Masana a Januwale chipinda chokha chimayandikira pamenepo. Madzi a pampopi sakwanitsa kuziziritsa condenser, chubu chimene chimabwezeretsa nthunzi kukhala madontho; ether amathawira pamwamba, flask imauma, siphon yobwezera ether mu flask imaima, zotsatira zimatsika. Choncho mu condenser timadutsitsa madzi a mu chiller, makina oziziritsa madzi, ndipo flask timaitenthetsa ndi madzi ofunda basi, osati hotplate.

Lachitatu magetsi anathima, fume hood, kabati yokoka nthunzi kuitulutsa kunja, inaima. Mnyamata watsopano wa ku Mangochi anafuna kudikira jenereta makina akuyenda. Mkulu wathu anangoti, "Achimwene, chotsani ma flask m'madzimo, tsekani galasi la hood, titulukemo." Ankanena zoona. Nthunzi ya ether imalemera kuposa mpweya kawiri ndi theka, motero sikwera, imayenderera pa benchi ndi pansi ngati madzi otayika mpaka ikapeze moto. Imatha kuyaka ngakhale kuzizire mpaka madigiri 45 pansi pa ziro, ndipo chitsulo chotentha madigiri 160 chimaiyatsa popanda lawi. M'nyengo yozizira, mpweya wa kuno ukauma, kaphaliphali ka pa juzi n'kokwanira, n'chifukwa chake zigubu zachitsulo timazimangirira waya wopita pansi tisanatsanule.

Mutu ukayamba kuwawa ndi chizungulire, dziwani kuti mukupuma mankhwala amene William Morton anagonetsera wodwala ku Massachusetts General Hospital, ku Boston, pa 16 Okutobala 1846. Kwathu ku Malawi ether anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za m'maboma kudzera m'makina ogonetsera odwala otchedwa EMO, ndipo ine ndimamulemekeza: ndi wotchipa, safuna magetsi, ndipo wodwala amapitiriza kupuma yekha. Zovuta zake n'zakuti amachedwa kugonetsa, amachulukitsa malovu mpaka pafunike mankhwala a atropine owachepetsa, amasanzitsa munthu akadzuka, ndipo poti amayaka sagwirizana ndi diathermy, chida chamagetsi chowotchera mitsempha ya magazi pa opaleshoni. Isoflurane ndi sevoflurane amene analowa m'malo mwake nawonso ndi a banja la ether, kungoti ali ndi fluorine amene amawaletsa kuyaka.

Lachisanu ndi la zotsala. Ether wogwiritsidwa kale ntchito sapita mu sinki. Amalowa m'chigubu cha zosungunulira zopanda chlorine, cholembedwa bwino. Mabotolo abwino amabwerera mu kabati yachitsulo, kumdima. Mu firiji wamba sitiikamo ngakhale kabotolo kamodzi, chifukwa thermostat yake imathetheka nthawi iliyonse ikamayatsa injini.