Zikomo anthu a ku Chitakale, msongolo uja wagwirana

Sabata ino chithunzi cha X-ray chaonetsa zomwe tonse tinkadikira. Msongolo wa bambo aja othyola tiyi, omwe anagundidwa ndi njinga yamoto pamsewu wa ku Muloza, wagwirana. Chikhakha chachotsedwa ndipo akuponda. Ife azachipatala osamalira mafupa tikuti zikomo kwa nonse amene munagwirapo ntchitoyi.

Fupa timati lakana kulumikizana pakatha miyezi 9 chithyokereni, ndipo zithunzi za miyezi 3 yotsatizana sizikuonetsa kusintha. Msongolo wa chakumunsi umavuta chonchi kawirikawiri chifukwa uli ndi mnofu wochepa, magazi safikako okwanira. Fupa la bambowa litakana chonchi, ndi pomwe munasonkha ndalama, abale a ku Johannesburg natumiza makina olimbikitsa fupa ndi mphamvu yamagetsi.

Ambiri munkaopa kuti bambowa azigwidwa nyesi. Ayi ndithu. Makinawa ndi koyilo (waya wokulungidwa mozungulira) yomangirira pamwamba pa chikhakha, ndi kabokosi ka batire. Koyiloyo imatulutsa mphamvu ya maginito mwakamphindikamphindi, yomwe imadutsa chikhakha ndi khungu n'kuyambitsa magetsi ochepetsetsa mkati mwa fupa, ndipo maselo omanga fupa amadzuka. Wodwala samva kanthu. Nzeruyi si yatsopano: mu 1957 Fukada ndi Yasuda a ku Japan anaonetsa kuti fupa likapanikizika limatulutsa lokha timagetsi, ndipo dziko la America linavomereza makina otere mu 1979.

Zikomo kwambiri mayi akunyumba. Koyilo ikasuntha n'kuchoka pothyoka, maola onsewo apita pachabe. Tinalemba mtanda pachikhakha, ndipo inu usiku uliwonse munkaunika ndi tochi ya foni kuona ngati pakati pa koyilo pali pamtandapo, kenako n'kulemba maola m'kope la mwana wa sukulu. Makina amenewa amafuna maola 10 patsiku (alipo ena a maola 3), ndipo kwa miyezi 5 kope lanu silinasowe tsiku. Odwala ambiri amalepherera pomwepa: amavala sabata zitatu, saona kusintha, n'kuponya makinawo pansi pa bedi.

Achimwene a pagolosale, sola yanu ndi yomwe inkatchaja batire magetsi akazima. Anyamata a kabaza, munkawatengera kukajambulitsa osalipiritsa. Mulungu akudalitseni.

Anzawo a pabawo, tikudziwa kuti sizinali zophweka, koma munasiya kuwapatsa ndudu. Fodya amafinya mitsempha ya magazi, ndipo wosuta fupa lake limachedwa ngakhale makina akhale abwino chotani. Amayi a mvano, usipa ndi matemba omwe munkabweretsa amadyedwa ndi minga yomwe, ndipo m'mingamo ndi momwe muli calcium womangira fupa.

Tsopano ambiri mukufunsa zobwereka makinawa. Chonde timvetsetsane, si fupa lililonse lingathandizike. Ngati mpata pakati pa zidutswa waposa sentimita 1, magetsi sangawoloke nawo. Pafunika opaleshoni yoikapo chitsulo kapena fupa lotengedwa m'chiuno. Ngati pothyokapo pakugwedera ngati bondo, fupa liyambe lamangidwa kuti lisasunthe, chifukwa kanyama kanthete komwe kamayamba kulumikiza zidutswa kamang'ambika mwendo ukamagwedezeka. Bala lotuluka mafinya ndi shuga wokwera zimafuna chithandizo chake. Mayi woyembekezera kapena munthu woikidwa kachipangizo koyendetsa mtima asayandikize makinawa popanda dokotala. Zimatiwawa kuona munthu atataya miyezi ina 6 pa makina pomwe ankafunika kutumizidwa msanga ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre.

Bambo athu, pitirizani kuyenda ndi ndodo imodzi kufikira tidzaonane mwezi wamawa. Dengu la tiyi ndi zitunda za m'munda zibadikira kaye. Amene ali ndi wodwala wofuna makinawa abwere naye kuchipatala, atanyamula zithunzi zonse za X-ray kuyambira choyamba.