Mmene ndimachitira ndikapita kukaonana ndi dokotala pa njinga yanga

Ndimayenda pa njinga ya olumala, choncho ulendo wa kuchipatala ndimauyambira pa foni. Ndimafunsa ngati pali polowera popanda masitepe, komanso ngati bedi loyezerapo odwala limatsika. Za bedizi musazione zazing'ono. Likakhala lalitali, ena amangokuyezera panjinga pomwepo, mimba osaigwira, msana osauona. Kenako ndimalemba papepala mankhwala amene ndikumwa, chimene chikundivuta ndi tsiku limene chinayamba.

Polembetsa dzina, nthawi zambiri amayang'ana mchemwali wanga amene wandiperekeza n'kufunsa kuti, "Akudwala chiyani?" Tinapangana kale kuti iye asamayankhe. Ndimayankha ndine: "Wodwala ndine, ndifunseni ineyo." Ambiri amasintha pomwepo. Sachita dala, n'chizolowezi chabe, komabe chimapweteka.

Povuta penipeni ndi m'chipinda cha dokotala. Ndikati m'mimba mukupweteka, yankho lofulumira limakhala lakuti n'chifukwa chokhala pansi nthawi yaitali. Apa sindilola msanga. Ndimati, "Adokotala, thupi langali ndimalidziwa, ululu uwu ndi wachilendo. Akanabwera munthu woyenda ndi miyendo, mukanamuyeza chiyani?" Zimenezo n'zimene ndimapempha kuti andiyeze. Lipoti la 2022 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linati anthu ena aulumali amamwalira msanga, mpaka zaka 20 poyerekeza ndi anzawo. Ndikaganiza za matenda amene amabisala kuseri kwa ulumali osapezeka, sindichita manyazi kulimbikira.

Akafuna kundikweza pabedi, ndimawauza pogwira ndisanakhudzidwe, ndipo njinga yanga isakankhidwire kutali. Mchemwali wanga amatuluka nthawi yoyezedwa, pokhapokha ndikamupempha kuti akhale. Chinsinsi cha wodwala n'changanso. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, la 2006, limanena mu ndime 25 kuti tizilandira chithandizo chofanana ndi cha ena, ndipo tizivomereza tokha titafotokozeredwa bwino. Ndiye pepala lililonse ndimaliwerenga ndi kusayina ndekha. Mnzanga wosamva amapempheratu womasulira chinenero cha manja pa chifukwa chomwechi.

Ndisanatuluke ndimabwereza malangizo a mankhwala mokweza kuti dokotala andikonze ngati ndamva molakwa. Ndimapemphanso namwino kuti alembe mu fayilo yanga kuti ndimafunika bedi lotsika ndi nthawi yowonjezera, kuti ulendo wotsatira ndisadzayambirenso kufotokoza.